Komputadori Yozima M'manja Mwanga

Komputadori ya bungwe lathu la alimi a mbatatesi ku Domwe inayamba kuzima yokha chisanu chitangolowa, ndipo inkazima ndikakhalapo ine basi. Ndinkafika m'mawa, kuiyatsa, kuyamba kalata yopita kwa ogula a ku Tete, ndisanafike ndi pakati pomwe galasi lija bii. Ndikaiyatsanso inkabuula ngati chigayo chakutali, n'kuzimanso. Koma masana, akabwera amsungichuma kudzalemba zawo, ha! inkayenda bwinobwino ngati si yomweyo. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo mtima ukuwawa, iwo akujompha zilembo ndi chala chimodzi, likhweru lili pakamwa.

"Mwaonatu amayi," ankatero osatembenuka n'komwe. "Ine sindiivuta, iyonso siindivuta."

Ntchito imeneyo inali yanga, ndipo ndinalibe china changachanga m'mudzi umenewo. Kwathu ndi ku Lifidzi, ku Domwe ndinapita ku chitengwa. Munda unali wa akuchimuna, nyumba ya akuchimuna, ngakhale mtondo umene ndinkasinjiramo unali wa malemu apongozi anga aakazi. Koma mpando wa pa komputadori ndinaupeza ndekha, chifukwa ndinamaliza kalasi ya desima, yakhumi ija, n'kuphunzirako kulemba pa makina ku Ulongwe. Tsono apulezidenti a bungwe atandiitana n'kundiuza kuti nkhani ya makinawo ikakambidwa pa msonkhano wa alimi onse kumapeto kwa mwezi, ndinamva zomwe sananene. Mwana wamkazi wa amsungichuma anali atabwerako ku Tete, ali khale pakhomo, ndipo ankati nayenso amadziwa kulemba. Akandichotsa, sakanangondilanda mpando. Akanandisiyira dzina la mkazi wowononga zinthu za anthu, ndipo dzina lotere kumudzi silichapika.

Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati poyamba, pooneka kale. Kuchitsime amayi anali atagamula mlandu ine ndisanafike. Wina ati wapakati sayandikira powotcha mbiya chifukwa zimasweka, nanga makina osalimbawo angapirire? Wina ati pali anthu ena m'manja mwawo simukhala chinthu. Ankanena akuseka, koma ndikayandikira ndi chidebe changa nkhani inkasanduka ya mtengo wa feteleza. Ine za mbiyazo sindinazivomere ngakhale pang'ono. Ndinkadziwa kuti pali dzanja la munthu, ndipo ndinayamba kuyang'ana aliyense m'manja.

Woyamba kumuganizira anali amsungichuma omwewo. Anali ndi kafulashi kofiira kamene kankalowa m'makomputadori onse a m'boma, ndipo ndinali nditamvapo kuti tinthu timeneti timanyamula matenda otchedwa virusi. Ndinkati mwina pali chimene amaikamo madzulo kuti chindidikirire m'mawa. Ndinafika mpaka pomata katsitsi kanga ndi malovu pachivundikiro cha bokosi, kuti wina akatsegula ndidziwe. M'mawa ndinkakapeza kali pomwepo, koma komputadori n'kuzimabe. M'malo mowachotsa pamlandu, ndinangoti ndi ochenjera kuposa mmene ndimawaonera.

Wachiwiri anali apongozi anga aamuna, ndipo uyu ndinkamuganizira chamumtima, chifukwa si nkhani yotulutsa pakamwa. Iwo ndiwo anali mlonda wa nyumba ya bungwe, momwe munkakhala matumba, mbewu ndi kaofesi kangako. Anapatsidwa udindowo anthu atangoyamba bungwe, ndipo makiyi ankayenda nawo pachingwe m'chiuno ngakhale popita kutchalitchi. Ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso, monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada, iwo n'kudutsa akuyang'ana kumbali. Chilichonse chimene ankafuna kundiuza chinkadzera kwa amuna anga. Ndipo chomwe chinadzera kwa amuna anga nditangoyamba ntchito chinali chakuti si bwino mkazi wapabanja kukhala pampando amuna ataimirira. Pakati pataoneka anatumizanso mawu akuti ndizikhala pakhomo. Sindinamvere konse kuwiri.

Nditayerekeza kuwafunsa amuna anga mozungulira, anaseka mpaka kutsokomola.

"Bambo? Iwe, bambo sadziwa ngakhale poyatsira pake."

"Kuti munthu aswe mbiya safunika kudziwa kuumba," ndinatero. Kuseka kunathera pomwepo.

Ndinapempha apulezidenti kuti ndipite nayo ku Ulongwe. Anavomera monyinyirika. Ndinaikulunga m'bulangete n'kukwera nayo shapa, minibasi ya kwathu kuno, bokosi pamiyendo, mimba pamwamba pa bokosi, thumba la nyemba la munthu wina likundikankha m'nthiti. Kuseri kwa msika kunali kanyumba ka amesitiri ena okonza mafoni, mawailesi ndi makomputadori, bambo wamkulu thupi, wa magalasi omanga ndi waya, amene ankakukuta mtedza wokazinga tsiku lonse. Nawonso sindinawakhulupirire. Ndinali nditamva kuti anthu oterewa amachotsa zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. Atandiuza kuti ndiisiye ndidzaitenge mawa, ndinakoka kampando n'kukhala.

"Mukuopa kuti ndiba?" anafunsa akundiyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Sindinanene choncho."

"Maso anu anena. Chabwino. Koma pano sipakhala munthu wongopenyerera. Sambani m'manja, muikonza nokha."

Ndinayamba kuwafotokozera za kafulashi kofiira kaja, koma anandidula. Ati aliyense wobwera pamenepo amati ndi virusi, monga mmene aliyense womva mutu amati ndi malungo. Kenaka anayamba kundifunsa ngati kuchipatala. Imazima nthawi yanji? Isanazime imalira bwanji? Imalemba mawu pagalasi kapena imangoti zii? Babu la m'chipindamo limaphethira? Chinasintha n'chiyani masiku amene inayamba? Mafunso ena ndinayankha, ena ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa masiku onsewo ndinkayang'ana nkhope za anthu, osati makina.

"Musamathamangire kumasula," anatero. "Yambani ndi khutu, kenaka mphuno, kenaka dzanja. Chitsulo chomasulira chimabwera pomaliza."

Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri kuposa miyezi yonse ya kusukulu yolembera ija. Anandionetsa kuyesa tomada, polumikizira magetsi pakhoma paja, ndi chinthu china chodziwika kuti n'chabwino, ndisanayambe kunamizira komputadori. Anandionetsa kusintha chingwe cha magetsi. Titafufuza mavirusi tinawapezadi, ndipo ine ndinaomba m'manja kuti ndawagwira amsungichuma, koma amesitiri anandikhumudwitsa. Ati amenewo ndi aja obisa zolemba m'fulashi, sazimitsa makina, ndipo pafupifupi ofesi iliyonse ili nawo. Kenaka anandipatsa kachitsulo komasulira maparafuzu, timisomali tochita kupotoza tija. Ndinakagwira ngati ndikutumbula nkhuku ya eni. Anandiuza kugwira kaye chitsulo cha bokosi ndisanakhudze za m'kati. Anandizulitsa memoriya, kachidutswa kobiriwira konga chipeso, kuti ndimve mmene makina amalirira kakasowa, n'kundibwezeretsetsa mpaka kanati khethe. Pomaliza analoza kachinthu kozungulira kokupiza mphepo, komwe iwo ankakatcha ventuwinya.

Kanali katavala fumbi ngati bulangete. Tizitsulo tosanjikizana pansi pake tinali titatsekeka, mphepo yosadutsa.

"Matenda ndi awa," anatero. "Komputadori ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha kuti isapse. Si ufiti, ndi nzeru."

Tinaipopa ndi pompa ya njinga panja, fumbi lili koboo, oyandikana nawo akutukwana. Tinapaka mafuta oyera onga mankhwala otsukira mano pakachitsulo ka pakati, n'kutseka. Inayaka masana onse osazima. Ndinafunsa chifukwa chake inkasankha ine, kusiya amsungichuma. Amesitiri anakweza mapewa. Ati mwina ine ndimaigwiritsa ntchito yambiri, mwina china, iwo sali ku Domwe. Potsanzikana anandipatsa kachitsulo komasulira kaja kuti ndipite nako, n'kundiuza kuti zikadzavutanso ndizisintha chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa wosintha zonse pamodzi sadziwa chomwe chachiza. Mpaka lero, pamene aphunzitsi ndi ogulitsa m'masitolo amandibweretsera makomputadori awo pakhomo, ndimayendera mawu omwewo. Koma m'shapa pobwerera ndinatsegulabe bulangete n'kuwerenga zitsulo, kuopa kuti mwina china chatsala kwa amesitiri.

Kwa masiku angapo inayenda bwino. Ndinkadutsa pachitsime khosi lili njo. Kenaka m'mawa wina, ndili pakati pa kalata, kubuula kuja kunayambiranso, ndipo galasi linada.

Abale, ndinalira. Ndinatseka chitseko n'kulira ngati mwana. Tsopano nkhani inali yakuti ndinapita nayo kutauni n'kukaimalizitsa, ndipo ena ankati ine ndi amesitiri aja tinagawana zitsulo. Mwana wa amsungichuma anayamba kubwera masana ndi bambo ake, ati kudzangoona. Ankakhala pampando wanga n'kumausuntha kuti umukwane.

Nditapukuta misozi ndinayamba ntchito monga anandiphunzitsira. Tsiku lina ndinasintha tomada yokha. Inazima. Tsiku lina ndinabwereka chingwe kwa aphunzitsi apafupi. Inazima. Ndinazula memoriya n'kuibwezera, ndinachotsa chosindikizira makalata, ndinayesa kungoiyatsa osalembapo kanthu. M'mawa inkazima, masana ayi. Ndinayamba kuona kuti nkhani si ya munthu wokhalapo, ndi ya nthawi. Ndinaimbira foni amesitiri, iwo akutafuna mtedza m'khutu langa, n'kungoti, "Ngati imadwala m'mawa, kafunseni m'mawawo." Ndinadula foni nditakwiya, chifukwa ndinkafuna yankho, osati mwambi.

Yankho linabwera chifukwa cha mimba. Bokosi la komputadori linkakhala pansi pa tebulo, ndipo kuwerama kunali kutayamba kundivuta. M'mawa wina, ndisanaiyatse, ndinatsamira dzanja pabokosipo kuti ndifikire batani. Linali lofunda.

Ndinachotsa dzanja, n'kulibwezeranso. Lofunda ndithu, ngati pamene pachoka nkhuku yofungatira. Amene anagonapo ku Domwe nyengo yachisanu akudziwa kuti chitsulo chogona usiku wonse chimaluma zala m'mawa. Ndinagwira chogwirira chitseko, chozizira. Ndinagwira mawaya a pazenera, ozizira. Koma makina ozimitsa kuyambira dzulo anali ofunda. Ndinagwada movutikira n'kununkhiza. Fungo la makala. Ndinamasula maparafuzu, ndipo ventuwinya imene ndinaisiya yoyera inali itatuwanso. Ndinatapa fumbilo ndi chala n'kulitikita. Fumbi la msewu wa kwathu ndi lofiira ndipo limakhakhala. Ili linali lotuwa, losalala. Ndinalawa ndi nsonga ya lilime, ngakhale ndinali nditadziwa kale. Mkazi amene wakula akusakaniza nyemba ndi phulusa kuti zisafumbwe sangasokoneze phulusa ndi china. Nditakoka bokosi ndinaona kuti utoto wa mbali ina unali utatupa matuza, ndipo chingwe china chinali chitafewa n'kupindika. Pasimenti panali posesa bwino, koma chizindikiro chakuda chozungulira chinkaonekabe.

Munthu ankabweretsa mbaula n'kuiika pafupi ndi makina ine ndisanafike, kenaka n'kuichotsa ndi kusesa. Ndipo munthu wotsegula nyumba imeneyo m'mawa anali mmodzi yekha.

Ndiye kuti munthu wamkulu, amene ndimamugwadira panjira, amene ndimamuphikira, akuwotcha katundu wa anthu pang'onopang'ono kuti ine ndichotsedwe ndikakhale pakhomo monga anafunira! Ndinalumbira kuti ndiwagwira ndi maso anga. Amuna anga sindinawauze kanthu, chifukwa magazi ndi magazi, akanakawachenjeza.

M'mawa mwake ndinanamizira kuti ndikulawirira kusikelo ya amayi apakati. Ndinazungulira njira ya kumadimba n'kukabisala m'mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba ya bungwe, pamene zenera la kaofesi kanga linali ndi mpata. Udzu unali woyera ndi chisanu, mapazi anga osamvanso kanthu. Posakhalitsa ndinamva makiyi. Apongozi analowa atanyamula mbaula ndi manja awiri, makala ali psuu, jekete lawo lakale lija litamangidwa ndi chingwe. Anagwada n'kuilowetsa pansi pa tebulo. Anayang'ana miyendo ya mpando wanga, yomwe inali yathabwa, n'kukankhira mbaulayo kutali nayo mpaka inakagunda bokosi la komputadori. Anatenga kachikatoni n'kukupiza moto, phulusa lili kuuluka, kulowa m'timabowo ta bokosi. Mumtima ndinati, ndakugwirani.

Kenaka anatola thumba lopindapinda limene ndinkapondapo polemba. Analitambasula, kulikung'untha, n'kuligwira pamwamba pa moto. Mbali ina itafunda analitembenuza. Analiyesa ndi tsaya, monga amachitira mayi ndi thewera la khanda, n'kuligwiranso pamoto. Atakhutira analipinda n'kuliika pambali pa mbaula, pamalo enieni pamene pamakhala mapazi anga.

Ine ndinkadikirabe choipa. Ndinkati tsopano atembenukira makina, tsopano achita chimene abwerera. Komputadori sanaiyang'ane n'kamodzi komwe. Kwa iwo linali bokosi lachitsulo, ndipo chitsulo ndicho chinthu chokha m'chipindamo chimene sichikanagwira moto. Iwo eni sanaothe. Anatuluka n'kukakhala pakhomo, manja m'khwapa, akuyang'ana njira imene ndinkadzera. Dzuwa litayamba kuwomba padenga anadzuka, kutulutsa mbaula, kukataya makala kudzenje, kusesa, n'kutsegula zenera pang'ono kuti fungo lituluke. Anachita zonsezi mwachangu ngati wakuba.

Atachoka ndinalowa n'kukhala pampando. Ndinavula nsapato n'kuponda pathumba paja. Linali lofunda. Masiku onsewo ndinkayesa kuti mapazi anga angozolowera simenti.

Musaganize kuti mtima unagwa pansi. Ndinakwiya kuposa dzulo lake. Mdani ndikanadziwa chochita naye, ndikanaimirira pamsonkhano n'kumuloza chala. Koma uyu ndimutani? Msonkhano unali mkucha, ndipo komputadori kuyenda bwino m'mawa umodzi sikukanatsimikizira munthu aliyense.

Ndinawatsatira amuna anga kudimba n'kuwauza zonse. Anasiya khasu n'kukhala pamzere. Ati ndi iwo amene anawauza bambo awo, chisanu chitangoyamba, kuti ndikumabwera kunyumba mapazi atatupa chifukwa cha simenti ya ku ofesi. Kenaka amuna anga anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Pothawa nkhondo kupita ku Malawi, amayi awo anali ndi pakati. Anachira m'phiri, nyengo ngati yomweyi, popanda moto chifukwa ankaopa kuoneka. Mwanayo sanafike kutsidya.

Atatero amuna anga anati, "Usakanene."

"Nanga ine?"

"Ukanena, bambo asekedwa mudzi wonse. Mwamuna wamkulu kukolezera moto mpongozi wake! Ndiponso ukudziwa lamulo, m'nyumba muja simulowa moto chifukwa cha matumba ndi mbewu. Awalanda makiyi. Bambo alibe china."

"Inenso ndilibe china!" ndinakuwa mpaka a dimba loyandikana anadzutsa mitu. "Ndiye pitani mukawauze kuti tadziwa, aone okha chochita."

"Ndikayambira pati? Ndikawauze kuti mkazi wanga anakubisalirani m'mapichesi?"

Amuna inu! Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo mkhatewo ndinali ine.

Tsiku la msonkhano anthu anadzaza pabwalo la nyumba ya bungwe, amuna pamabenchi, amayi pamatumba. Apongozi anakhala chakumbuyo, chipewa pamaondo. Amsungichuma anayankhula nthawi yaitali, mokoma, akunditchula mwana wathu. Ati palibe akundida, koma makina ndi a anthu onse, ndipo pali manja ena amene makina sagwirizana nawo. Apulezidenti atandipatsa mpata, ndinali nditakonza nzeru yanga. Ndinaganiza kuti nditchula matenda osatchula mwini wake.

Ndinanyamula bokosi n'kuliika patebulo pamaso pa onse. Ndinalimasula anthu akuonerera. Ndinawaonetsa ventuwinya, n'kuwafotokozera kuti makina amapuma ngati munthu, ndipo mphuno zake zikatsekeka amatentha n'kudzizimitsa. Ndinagwedezera fumbi lija papepala loyera n'kulipereka kwa amayi kuti aone okha. Mayi wina analitikita n'kunena mokweza kuti ili ndi phulusa. Ndinawaonetsa matuza a utoto ndi chingwe chofewa. Ndinati bokosi limayamba tsiku litatentha kale ndi moto, n'chifukwa chake limazima m'mawa, pomwe masana limakhala litazizira. Ndinati si mimba yanga, si manja anga, ndipo mankhwala ake ndi kuliyeretsa n'kulikweza patebulo. Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chikwatiwire.

"Tamva," anatero amsungichuma akuimirira pang'onopang'ono. "Mwana wathu waphunzira ndithu. Tsono moto umenewo ndi wa yani?"

Ndinali nditadzikumbira ndekha dzenje.

"Amakhala m'menemo m'mawa ndani?" anapitiriza. "Amamva chisanu kwambiri masiku ano ndani? Ife tonse tili ndi akazi, tikudziwa. Ndiye kuti mwatiitanira pano kudzationetsa mmene munawotchera makina athu, pafupi ndi mbewu ya chaka chonse."

Amayi aja anayamba kugwedeza mitu. Ndinayang'ana amuna anga, iwo akuyang'ana nyerere pansi. Apulezidenti anandifunsa ngati ndili ndi yankho. Anafunsanso. Kenaka anati kukhala chete ndi kuvomera, ndipo anapempha kuti ofuna kuti mpando upite kwa wina akweze manja. Manja anayamba kukwera, ena mwamanyazi, ena mothamanga. Kunena zoona, ine pakamwa ndinali nditatsegula kale. Sindikudziwa ngati mawuwo akanatuluka, koma anali atafika pammero.

"Tsitsani manja."

Anali apongozi. Anali ataimirira, chipewa chili m'manja, akuyang'ana apulezidenti, osati ine.

"Mbaula ndi yanga. Apongozi angawa sanalowetsepo moto m'menemo. Simenti ya m'chipinda chija imaluma, ndipo iwo sali okha. Ine ndimayesa chitsulo sichimva moto." Anaima kaye, n'kuwonjezera, "Ndatha."

Mayi wina anaseka, kuseka kwakuthwa, mnzake n'kumugwira pakamwa. Anyamata akumbuyo ankagwedezana zigongono. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Amsungichuma, ataona kuti mpando wawapulumuka, anagwira chomwe chinatsala. Ati lamulo ndi lamulo, wolowetsa moto mosungira mbewu sangakhale mlonda, ngakhale akhale wamkulu bwanji. Apulezidenti anayesa kuzungulira, kunena za zaka zimene bambowa atumikira, koma anthu anali atamva mawu akuti mbewu, ndipo mlimi ukamutchulira mbewu samvanso china. Apongozi sanadikire kuti manja akwerenso. Anamasula okha chingwe cha m'chiuno. Mfundo inali yolimba chifukwa inali isanamasulidwepo, moti anachita kuiluma ndi mano anthu onse akuyang'ana. Anayenda mpaka kutsogolo n'kuika makiyi patebulo, pambali pa bokosi lotsegula lija.

Amsungichuma anatambasula dzanja, koma apulezidenti anawatsogolera kutola. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mpaka apeze mlonda wina, makiyi asunge munthu amene amafika m'mawa kuposa onse. Anandiitana. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, chifukwa pagulu sukana. Chingwecho chinali chakuda ndi thukuta la zaka zambiri. Ntchito yanga ndinali nditaipulumutsa, ndipo sindinamvepo chisoni chotere.

Madzulo a tsiku limenelo ndinatenga madzi osamba m'manja kupita nawo pakhonde pamene apongozi anakhala ndi amuna anga. Makiyi ndinali nditawamanga pansonga ya nsalu yanga, posowa powaika. Pogwada analira, ndipo tonse atatu tinawamva. Ndinaika beseni pansi n'kubwerera m'mbuyo, maso pansi. Ndinkafuna kunena kanthu, kupepesa kapena kuthokoza, koma mwambo sunandipatse njira, ndipo amuna anga, amene akanandinenera, anali atauma pakamwa.

Apongozi anasamba m'manja mosafulumira, n'kukung'untha madzi. Kenaka anayankhula kwa mwana wawo, akuyang'ana kumunda.

"Uwauze apongozi kuti chitseko chija chimakakamira m'mawa. Asamalimbane nacho ndi mimba. Aziyamba achikokera kwa iwo, kenaka n'kupotoza kiyi."

M'mawa mwake ndinachita momwemo, ndipo chinatseguka.